Mzere Umene a Chidule Anati Akonza Mawa

Dzina lakuti Chidule analitola ali kupulayimale. Pakati pa nyumba yawo ndi sukulu panali bwalo la fakitale ya matabwa lotchingidwa ndi waya, ndipo ana onse ankazungulira. Iye yekha ankakwawa kunsi kwa wayayo, n'kufika m'kalasi belu lisanalire, malaya atang'ambika kumsana. Mayi ake anasoka malayawo mpaka ulusi unachuluka kuposa nsalu. Bambo ake, amene ankakonza mawotchi pakhonde la sitolo ina, ankangomuyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti, "Kufika umafika msanga, mwana iwe. Koma taona msana wako."

Atakula, dzinalo silinachoke, linangowonjezeka "a" kutsogolo. A Chidule anayamba ndi kukonza mafoni pakabenchi kumsika, kenako anachita kosi ya makompyuta, ndipo mutu wawo unali wakuthwa moti aphunzitsi ankawafunsa iwo zikavuta. Anakwatira mayi wina telala, wosalankhulalankhula, anabereka mwana mmodzi wamkazi. Ali ndi zaka makumi atatu ndi zinayi analembedwa ntchito pakampani ina yaing'ono, ya pamwamba pa shopu yomata matayala. Masitepe ake ankanunkha labala, ndipo mawindo ankanjenjemera amatayala akayamba kupopa mpweya. Kampaniyo inkapanga mafiliji oyendera dzuwa, osungiramo katemera m'zipatala zing'onozing'ono zakutali.

Filiji iliyonse inali ndi mitu iwiri. Mutu waukulu unkayendetsa sikirini ya pachitseko ndi kusunga mbiri ya zonse zochitika. Mutu waung'ono, katchipi kosaposa chikhadabo, unkayang'anira batire n'kumayatsa kapena kuzimitsa injini yoziziritsa. Mitu iwiriyi inkalankhulana kudzera pakamalo kakang'ono kosiyapo uthenga, kamene onse pantchitopo ankakatcha kabokosi. M'kabokosimo munkalowa uthenga umodzi basi. Mutu waukulu unkaikamo uthenga, n'kuimba belu, n'kudikira. Katchipi kakatenga uthengawo kankayankha kuti "ndalandira". Kuikamo uthenga wina yankholo lisanabwere kunali kufufuta woyamba uja usanawerengedwe.

Mbali ya mutu waukulu ndiyo inali ntchito ya a Chidule. Ankailemba m'kati mwenimweni mwa pulogalamu yoyendetsa makina, malo amene amisiri amati kenelo, kumene munthu ukalakwitsa mzere umodzi makina onse amadwala. Kapulogalamu ka m'katchipi, kotchedwa famuweya, wolemba wake anali mayi wina amene onse ankamutcha amake mapasa.

Amake mapasa anali aakulu kwa a Chidule ndi zaka khumi. Ankalera okha ana awo awiri aakazi. Ankabwera ndi fulasiki ya tiyi ndi kope la mizere, ndipo chilichonse ankayamba achilemba ndi pensulo asanakhudze kompyuta.

"Achemwali, kompyuta ili apoyo, inu mukulimbanabe ndi pensulo?" a Chidule ankawaseka.

"Pensulo sinandinamizepo, achimwene," iwo ankayankha osadzutsa mutu.

Kabokosi kaja anakakonza awiriwa, ataimirira pabolodi masiku atatu, wina akulemba wina akufufuta. Ankagwirizana ndithu. Pakampanipo panalinso lamulo limodzi limene aliyense ankalidziwa ngati dzina lake: chilichonse chimene munthu wasintha m'pulogalamu sichinkalowa mpaka mnzake wachiwiri atachiwerenga n'kulemba pansi pake mzere wakuti "Ndaona, ndavomereza", n'kuikapo dzina lake. Pa zonse zokhudza kabokosi, wachiwiri wa a Chidule anali amake mapasa.

Tsiku lina kunkabwera alendo odzaona filiji asanaitanitse zambiri. Ankayembekezeka thu koloko masana. M'mawa mwake bwana, bambo wamtali wokonda kuyenda akulankhula, anadina batani pasikirini, ndipo sikiriniyo inatenga kanthawi isanasinthe. Katchipi kakakhala kakuyeza batire kankachedwa kuyankha, ndiye mutu waukulu unkangoima n'kumadikira monga anaupangira.

"A Chidule, alendo akaona izi aziti filiji yathu ikuwodzera," anatero bwana. "Chitanipo kanthu."

Amake mapasa kunalibe tsikulo. Mmodzi wa mapasa aja anali atagwa pamasitepe kusukulu n'kuthyoka mkono, ndipo mayi ake anali naye kuchipatala. A Chidule anatsegula kenelo, n'kusintha mzere umodzi wokha: mutu waukulu uzidikira pang'ono, yankho likachedwa uzingoyesa kuti uthenga walandiridwa n'kupitiriza. Pambali pake analembapo kuti, "Zongoyembekezera, ndikonza mawa." Sikirini inayamba kuthamanga ngati yamwa mankhwala.

Koma kusinthako sikukanalowa popanda mzere wa munthu wachiwiri. Anaimbira amake mapasa kawiri, foni inangoitana. Anayang'ana wotchi, anayang'ana chitseko. Kenako zala zawo zinalemba zokha kuti "Ndaona, ndavomereza", n'kuikapo dzina la amake mapasa. Mumtima anati, akanakhalapo akanavomera, ndipo mawa ndiwauza.

Alendo anaomba m'manja. Bwana anawagwira a Chidule paphewa pamaso pa anthu onse. Mawa linabwera ndi ntchito zake, mkuja nalonso, ndipo amake mapasa anabwerera patatha sabata ali otopa, akukamba za pulasitala ndi madokotala. Mzere uja unakwiririka pansi pa mizere ina mazanamazana. A Chidule anauiwala, kuiwala kwenikweni.

Patapita miyezi isanu ndi itatu, mafiliji ali m'zipatala zambiri, namwino wina anaimba foni kuchokera kutali. Anati Lachisanu anadina batani loti filiji izizire kwambiri, sikirini inavomera, iye n'kutseka chipatala. Lolemba anapeza m'kati muli mofunda, katemera yense ataonongeka. Amayi amene anayenda mtunda ndi ana kumsana anabwezedwa. Sabata yotsatira chipatala china chinaimba, kenako chachitatu.

Pamsonkhano anatsegula mbiri ya mutu waukulu. Paliponse inkanena kuti uthenga unapita ndipo unalandiridwa.

"Kwathu kuno zonse zikutuluka bwino," anatero a Chidule, akuloza pakhoma pamene panali kuonekera mbiriyo. "Uthenga ukumafika. Zimene zikuchitika ukafika uko, ine sindingadziwe."

Sanatchule munthu, koma maso onse anatembenukira kwa amake mapasa. Iwo anangolemba kanthu m'kope mwawo n'kunena chapansipansi kuti, "Ndikafufuza."

Anafufuza miyezi itatu. Ankabwera ndi Loweruka lomwe, mapasa atakhala pabenchi m'khonde n'kumalemba za kusukulu. Tiyi ankazizira m'kapu osamwedwa. Siketi inayamba kuwakhwepa m'chiuno moti ankaimanga ndi pini. Vutolo silinkaoneka patebulo pawo, chifukwa linkafuna kuti mauthenga awiri atsatane pa nthawi yeniyeni imene katchipi kakuyeza batire, ndipo zimenezi zinkachitika mwina kamodzi pamwezi.

Lolemba lina bwana anaimitsa a Chidule pamasitepe.

"Izi zikhale za ife awiri. Lachisanu ndiwauza amayi aja kuti basi. Famuweya tiipereka kwa anthu akunja ailembenso. Zikundiwawa, koma ana a anthu akubwezedwa kuchipatala. Inu mundilembere bwinobwino mmene kabokosi kamagwirira ntchito mbali yanu, kuti anthuwo adzapeze poyambira."

A Chidule anamva chisoni ndithu, chisoni cha munthu amene manja ake ndi oyera. Lachiwiri m'mawa anakhala pansi n'kuyamba kuwerenga pulogalamu yawo mzere ndi mzere kuti aifotokoze. Cha m'ma teni, amatayala pansi akugogoda limu ndi hamala, maso awo anagwera pa mawu akuti "Zongoyembekezera, ndikonza mawa."

Anawerenganso mzerewo, poganiza kuti mwina anauona molakwa. Sanauone molakwa. Mutu waukulu ndi umene unkafufuta uthenga katchipi kasanautenge, kenako n'kulemba m'mbiri kuti walandiridwa. Mbiri imene iwo analoza pakhoma ndi chala chawo inali bodza limene iwo eni anaphunzitsa makina. Anatsegula kuti aone tsiku limene kusinthako kunalowa, ndipo pansi pake anapeza dzina la amake mapasa, litakhala phee pamalo pamene iwo analiika.

Anatseka laputopu msangamsanga ngati muli chithunzi cholaula.

Maganizo oyamba amene anawabwerera anali akale aja a kunsi kwa waya. Mzerewo akanatha kuukonza mwakachetechete, n'kuubisa pakati pa zosintha zina zambirimbiri, n'kupatsa mnzawo wina wotanganidwa kuti avomereze. Zikanatuluka limodzi ndi famuweya yatsopano, mafiliji akanachira, ndipo aliyense akanati anthu akunja aja ndi akatswiri. Masana omwewo anazilembadi, pamwamba n'kuikapo mutu wakuti "Kukonza zing'onozing'ono". Chala chinafika pabatani lotumizira, n'kubwerera.

Nthawi yomweyo anamva mawu kumbuyo kwawo.

"Achimwene, pepani ndakusokonezani. Mungandionereko apa? Mwina maso anga akalamba."

Anali amake mapasa, atanyamula makope atatu odzaza ndi pensulo. A Chidule anakhala nawo patebulo, n'kumatembenuza masamba osaona chilembo ngakhale chimodzi. Tsamba lililonse linali ndi deti, chimene anayesa, ndi mawu amodzi omwewo pansi pake: "Si apa." Tsamba lina linali ndi dontho la tiyi. Lina mwana anajambulapo mphaka pakona.

"Mwaonapo kanthu?"

"Ndi... ndionanso bwino mawa, achemwali."

Liwu lakuti mawa litangotuluka, anakumbukira mzere uja n'kuimirira. Anatsika masitepe n'kukaima pashopu ya matayala, kumaonerera anthu akumiza chubu m'beseni la madzi, mpaka mwini shopu anawafunsa ngati abwera ndi galimoto.

Lachitatu ataweruka anapeza akazi awo pakhonde akupinda mpendero wa diresi, mwana akusewera ndi anzake kuseri. Mayiwo anawapatsa tiyi. A Chidule anathira shuga, anatakasa, anathiranso shuga, anatakasanso.

"Abambo, mukuphika jamu?" anafunsa akazi awo. "Chavuta n'chiyani? Kuyambira dzulo nkhope ili ngati mwameza singano yanga."

Anafotokoza. Anayambira kutali, za mitu iwiri ndi belu ndi batire, za alendo ndi bwana. Akazi awo anamvetsera, ulusi uli kukamwa.

"Dikirani kaye. Ndiye kuti munawasainira mayi aja?"

"Sikusaina kwenikweni, ndi mzere chabe umene timalemba pansi pa..."

"Dzina lawo munalemba kapena simunalembe?"

"Ndinalemba."

"Tsiku limene mwana wawo anali pabedi kuchipatala. Tsiku limene ine ndinakawaona, ndinawapeza atakhala pansi m'khonde nsapato zili m'manja."

A Chidule anayang'ana m'kapu.

"Za makenelo anuzo ine sindizidziwa," anapitiriza mayiwo, akulowetsa ulusi pasingano. "Koma ine ndikadula diresi mokhota, sindiuza mwini wake kuti thupi lake ndi lopindika."

"Akandichotsa ntchito?"

"Tidzadya za makina osokerawa. Sizikoma, koma zimamezeka. Izi mwabwera nazozi ndiye sizikumezeka, onani tiyi wanu."

Lachinayi a Chidule anapita patebulo la amake mapasa katatu. Koyamba anapempha chofufutira. Kachiwiri anafunsa za mkono wa mwana, umene unapola kalekale. Kachitatu anangoima, ndipo atafunsidwa chimene akufuna anati akufuna mawaya, n'kutenga mawaya amene analibe nawo ntchito.

Lachisanu msonkhano unali wa teni koloko. A Chidule anafika seveni isanakwane, akuganiza kuti akhala okha kaye. Anapeza amake mapasa alipo kale. Patebulo pawo panali katoni, ndipo m'katonimo anali ataikamo kapu, chithunzi cha mapasa ndi juzi imene inkakhala pampando. Palibe anawauza, koma munthu amadziwa bwana akayamba kumupatsa moni akuyang'ana kumbali.

"Ndati ndilongedzeretu," anatero akumwetulira pang'ono. "Kulongedza anthu akukuonerera n'kovuta."

A Chidule anaika laputopu patsogolo pawo, n'kuitsegula pa mzere uja. Mawu onse amene anakonza m'basi anathawa.

"Achemwali, werengani apa."

Amake mapasa anavala magalasi. Anawerenga mzerewo pang'onopang'ono, milomo ikugwedera. Anatenga pensulo, n'kujambula pakatoni timizere tiwiri totsatana, n'kufufuta koyambako ndi chala.

"Ndiye kuti katchipi kanga sikankataya kanthu," anatero kenako. "Sikankapatsidwa n'komwe."

"Eya."

"Ndani anavomereza zimenezi?"

A Chidule anatsitsa tsamba. Mayiwo anaona dzina lawo, anaona deti. Anavula magalasi n'kuwaika patebulo mosamala ngati dzira.

"Tsiku limeneli ndikulidziwa," anatero.

"Ndinakuimbirani kawiri. Sindikunena kuti... Ndinalemba ndine, achemwali. Ndinati ndikuuzani mawa lake."

Anayembekezera kukalipiridwa, ndipo kukanawapepukira. Koma amake mapasa analankhula motsitsa, akuyang'ana makope awo.

"Mukudziwa, achimwene, ntchito si imene imandiwawa kwambiri. Ndinayamba kukhulupirira kuti mutu wanga watha. Ndinkawerenga zimene ndalemba ndekha n'kumati, mayi iwe, pali chinthu apa chimene mwana wa sukulu angachione, iwe sukuchiona. Ana anga akandifunsa masamu ndinkawauza kuti akafunse aphunzitsi, kuopa kuwalakwitsa."

A Chidule analakalaka pansi patang'ambika. Anati "pepani", koma liwulo linatuluka laling'ono ngati la mwana.

"Pepaniyo musunge kaye," anatero mayiwo. "Teni koloko munena nokha, kapena ndinene ine?"

"Ndinena ndekha."

Pamsonkhano panali anthu asanu ndi awiri. Bwana anayamba kukonza kukhosi, akuyang'ana pepala, koma a Chidule anaimirira asanalankhule. Analumikiza laputopu, ndipo mzere uja unaonekera pakhoma lomwe lija, zilembo zikuluzikulu, mawu akuti "ndikonza mawa" ali poyera. Anafotokoza zonse mwadongosolo, chifukwa kufotokoza makina ankatha. Atafika pa dzina la pansi lija, ananena poyera kuti analilemba ndi iwo. Anaonetsanso ngakhale zimene analemba Lachiwiri zofuna kubisa, za mutu wakuti "Kukonza zing'onozing'ono".

Pansi amatayala anayamba kupopa mpweya, mawindo n'kumanjenjemera.

Bwana anapinda pepala lake kawiri, n'kuliika m'thumba. Nkhope yake nayonso inali itagwa.

"Amene anati chitanipo kanthu ndine," anatero. "Koma sindinati mulembe dzina la munthu." Anatembenukira kwa amake mapasa. "Mayi, ndinakulakwirani. Katoni ija ndaiona. Chonde bwezerani zinthu zanu."

"Ndibwezera," anayankha iwo. "Koma zipatala zija zilemberedwe kalata yonena chimene chinachitika. Anamwino aja ena akuganiza kuti analakwitsa ndi iwo."

A Chidule sanachotsedwe ntchito, ngakhale bwana anakhala sabata yathunthu akuganizira. Anawalanda mphamvu yolowetsa okha zosintha m'pulogalamu, ndipo udindo woyang'anira kabokosi mbali zonse ziwiri unapita kwa amake mapasa. Mzere uja a Chidule anaukonza tsiku la msonkhano lomwelo: yankho likachedwa, mutu waukulu uzidikirabe, ndipo likapanda kubwera uzinena poyera pasikirini kuti uthenga sunafike. Pofotokoza kusinthako analemba deti la kulakwa, chimene chinaonongeka, ndi dzina lawo, m'mbiri imene sifufutika. Anatumiza kwa amake mapasa kuti aone.

Mayiwo anabweza. Anati mawu ofotokozera sakumveka. A Chidule anakonza, mayiwo anabwezanso, ati sanaganizire zoti batire ikhoza kutha uthenga uli m'kabokosi. Apa anali ndi mfundo, ndipo a Chidule anachita manyazi kachiwiri, manyazi a mmisiri. Kachitatu kanatenga masiku awiri popanda yankho. A Chidule anakhala patebulo pawo, mamita atatu okha kuchokera pamene panali mayiwo, osayerekeza kufunsa. Lachitatu masana mzere unabwera: "Ndaona, ndavomereza", ndi dzina lolembedwa ndi mwini wake.

Ntchito yozungulira m'zipatala kukaika pulogalamu yokonzedwayo a Chidule anaipempha okha. Anayenda milungu isanu ndi umodzi, laputopu ili m'chikwama. Pachipatala choyamba chija namwino anawalandira bwino, n'kuwapatsa mpando pafupi ndi filiji.

"Ndiye akuti chinali chiyani, bambo? Ine mpaka ndinkalota ndikudina batani lolakwika."

"Simunalakwitse, asisitala. Ndinalakwitsa ndine. Ndinalemba kanthu kofulumizitsa, n'kuiwala kukachotsa."

Namwinoyo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, kenako anasuzumira pakhomo pamene amayi anali pamzere ndi ana awo.

"Chabwino. Konzani, mukamaliza mundithandize kunyamula mabenchi."

Ananyamula mabenchi.

Mpaka lero a Chidule akadali pakampani ija, pamwamba pa shopu ya matayala. Imvi zayamba m'mbali mwa makutu. Dzina silinasinthe, ngakhale obwera kumene amadabwa kuti munthu wochedwa chonchi analitenga kuti. Amake mapasa amawapatsa moni, amagwira nawo ntchito, nthawi zina amawathirirako tiyi wa m'fulasiki. Koma nthabwala ya pensulo ija a Chidule sanaiyambenso, ndipo mayiwo sanaifunsepo. Kumapeto kwa mwezi uliwonse amake mapasa amatsegula mbiri ya pulogalamu, n'kuwerenga malo onse amene pali dzina lawo, akuchonga m'kope ndi pensulo. Sabisa, ndiponso sayang'ana munthu. A Chidule akamva masamba a kopelo akutembenuzidwa amaweramira pakiyibodi, makutu akutentha, mpaka kope litatsekedwa.